Kuiwala kwa agogo si matenda a m'tauni okha

Ife amene timaona za matenda a ubongo mwa anthu okalamba timamva kawirikawiri kuti matenda oiwalaiwala, omwe kuchipatala timawatchula kuti dementia, ndi a anthu a ku Mzuzu, Lilongwe ndi Blantyre, odya zonona ndi kukhalira pampando. Akuti nkhalamba ya ku Kande kapena ku Usisya m'boma la Nkhata Bay, yokulira kondowole ndi usipa, yopalasa bwato moyo wake wonse, singadwale zimenezi. Maganizo amenewa ndi olakwika, ndipo akuvulaza anthu.

Choyamba timvetse matendawo. Aliyense akamakalamba amaiwala pamene waika mpeni, kenako n'kukumbukira. Dementia ndi ina. Timaselo ta ubongo timafa pang'onopang'ono kwa zaka, ngati chilimira chimene maso ake akuduka limodzilimodzi mpaka chileka kugwira nsomba. Munthu amafunsa funso lomwelo kasanu, amasochera panjira ya kudimba yomwe wayendamo kuyambira ali mtsikana, amasiya mphika pamoto, amanena kuti mpongozi wamubera ndalama zomwe wabisa yekha. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali ndi vutoli, ndipo oposa 60 mwa 100 aliwonse ali m'maiko osauka ndi apakatikati. Ambiri amadwala mtundu wa Alzheimer, ena chifukwa cha kuwonongeka kwa mitsempha ya magazi mu ubongo, makamaka pambuyo pa sitiroko.

Manambala a m'mizinda ya mu Africa alipo. Ofufuza atayeza anthu a zaka 65 kupita m'tsogolo ku Bangui, anapeza matendawa mwa anthu pafupifupi 8 pa 100 aliwonse, ndipo ku Brazzaville pafupifupi 7. Koma taonani za kumudzi: m'boma la Hai, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, zotsatira zomwe zinatuluka mu 2013 zinaonetsa anthu 6 pa 100 mwa a zaka 70 kupita m'tsogolo, ndipo amenewa ndi alimi. Wina anganene kuti ku Benin chiwerengero cha mumzinda wa Cotonou chinaposa cha kumidzi ya ku Djidja. Inde, chinali pafupifupi 4 poyerekeza ndi pafupifupi 3. Kusiyana kotereku sikupereka mpata woti tinene kuti kumudzi kulibe matenda. Chachikulu chimene chimawabweretsa ndi zaka, ndipo Amalawi tikukhala ndi moyo nthawi yaitali kuposa kale, makamaka chiyambire kuperekedwa kwaulere kwa ma ARV mu 2004.

Zoti nsomba ndi ntchito ya manja zimathandiza thupi, nzoona. Koma gulu la akatswiri la magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2024 linatchula zinthu 14 zopeweka zimene zili kumbuyo kwa pafupifupi theka la odwala onse, ndipo mukaziwerenga muona kuti zambiri zili pakhomo pathu pomwe: kusapita patali ndi sukulu, kugontha, ng'ala ndi mavuto ena a maso osathandizidwa, kuthamanga kwa magazi, shuga, fodya, mowa wambiri, utsi, kuvulala m'mutu, kusungulumwa. Kafukufuku wa boma wa 2009 anapeza BP yokwera mwa munthu mmodzi pa akuluakulu atatu aliwonse, ndipo kumidzi sikunasiyane kwenikweni ndi m'tauni. Wa m'tauni amatha kuyezetsa pa famase. Mayi wa ku Usisya, kumene ulendo wodalirika ndi wa panyanja, angathe zaka khumi magazi akuthamanga osadziwa.

Pali chinanso chimene manambala a m'mizinda amabisa. Nkhata Bay ndi boma la anthu oyenda. Kuyambira nthawi ya atsamunda Atonga akhala akupita ku Joni, ku Harare ndi ku migodi ya ku Zambia, ndipo lero ana ambiri ali ku Cape Town. Bambo amene wagwira ntchito m'tauni zaka makumi atatu akayamba kusokonezeka, abale amati abwerere kwawo akapume. Choncho wodwala wa m'tauni amathera ku Chintheche kapena ku Mpamba, m'manja mwa mlongo wake wokalambanso kapena mdzukulu wa sitandade 7. Ana amatumiza ndalama, koma ndalama siziletsa agogo kulowera kunyanja usiku kapena kutulukira mumsewu wa M5.

Apa ndi pamene nkhaniyi imandiwawa. Munthu wa matendawa madzulo amasokonezeka kwambiri, amatha kutuluka osavala bwino n'kupezeka m'mawa kuseri kwa nyumba ya eni. Akafunsidwa mwaukali amavomera chilichonse. Mudzi umati wagwidwa ufiti. Tonse tikukumbukira nkhalamba zinayi zomwe zinaphedwa ku Neno mu Januwale 2016 mphenzi itapha mtsikana. Lamulo la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo bungwe loona za okalamba la MANEPO lakhala likudandaula chaka ndi chaka za okalamba ophedwa motere. Mfumu imene ikudziwa zizindikiro za dementia ingapulumutse moyo lamulo lisanafike.

Funso lomaliza ndi lolemera: poti mankhwala ochiziratu palibe, kupita kuchipatala n'kutayiranji ndalama ya galimoto? Yankho langa n'lakuti si kusokonezeka konse kumene kuli dementia. Nkhalamba imene yasintha m'masiku awiri kapena atatu okha nthawi zambiri ili ndi malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo kapena shuga wotsika, ndipo ikalandira chithandizo nzeru zimabwerera. Kuvutika maganizo, chindoko chakale, HIV ndi kuchepa kwa mavitamini ena zimafanananso ndi dementia, koma zili ndi mankhwala. Ngakhale atapezeka kuti ndi dementia yeniyeni, kutsitsa BP kumachepetsa ngozi ya sitiroko ina, ndipo banja limaphunzira kusakangana naye, kumuperekeza kunyanja, kumuchotsera machesi. Poyambira ndi pa chipatala chaching'ono cha kwanu, kenako cha Chintheche kapena cha boma ku Nkhata Bay, ndipo a St John of God ku Mzuzu ali ndi akatswiri a matenda a maganizo. Popita, pakhale munthu amene amagona naye nyumba imodzi, chifukwa ndi iye angafotokoze kuti kusinthako kunayamba liti.