Kodi Mumadziwa? Pepala Lolola Wophunzira Waulumali Kujomba

Kodi mumadziwa kuti m'mayunivesite ambiri a ku America muli pepala lolola wophunzira waulumali kujomba masiku oposa amene anzake amaloledwa, osadulidwa malikisi? Limachokera ku ofesi yoona za ophunzira aulumali, ndipo wophunzirayo amagwirizana ndi mphunzitsi wa phunziro lililonse za mmene ligwirire ntchito. Ambiri akangomva amathamangira kunena kuti ndi chiphaso cha ulesi. Tadekhani kaye.

Kodi mumadziwa kuti pepalali analikonzera makamaka anthu amene ulumali wawo suoneka ndi maso? Tikunena a khunyu, a sikoselo, a mphumu, a mutu waching'alang'ala, a lupus, a matenda a m'matumbo otchedwa Crohn, ndi ovutika ndi matenda a maganizo. Matenda amtunduwu amafika ngati mlendo wausiku, wosatumiza uthenga. Lolemba munthu akuseka ndi anzake ku kantini, Lachiwiri akulephera ngakhale kutsitsa mwendo pa bedi. Mutu waching'alang'ala ukagwira umatha kukhala maola 4 mpaka 72. Wodwala impso amene amasefedwa magazi pa makina nthawi zambiri amapita kuchipatala katatu pa mlungu, n'kukhala pa makinapo maola pafupifupi 4, ndipo amachokapo ali wolefuka.

Nanga mumadziwa kuti maselo ofiira a m'magazi amakhala masiku pafupifupi 120, koma a wodwala sikoselo amafa pakangotha masiku 10 mpaka 20? Maselowa amapindika, kuuma, n'kutseka timitsempha ting'onoting'ono. Ululu wake umalasa m'mafupa, m'chifuwa ndi kumsana, ndipo umatha kutenga masiku angapo. Kuzizidwa, kuchepa madzi m'thupi ngakhale nkhawa ya mayeso zimatha kuuyambitsa. Rejista ya m'kalasi sidziwa zonsezi. Imangolemba kuti uje sanabwere.

Kodi mumadziwa kuti mmodzi mwa anthu amene anatsegula zitseko za yunivesite kwa anthu aulumali anaphunzira mbali yaikulu ya sekondale kudzera pa telefoni? Ed Roberts wa ku California anadwala poliyo mu 1953 ali ndi zaka 14, n'kupuwala kuyambira m'khosi kutsika mmunsi. Ankamvetsera maphunziro ali gone kunyumba, mawu a aphunzitsi akubwera pa waya, mpaka mayi ake anamukakamiza kuti azikaonekerako kusukulu kamodzi pa mlungu. Atamaliza, akuluakulu a sukulu anafuna kumumana satifiketi. Chifukwa chake? Sanachite phunziro la masewera olimbitsa thupi ndi la kuyendetsa galimoto. Inde, mnyamata wogona m'chimakina chachitsulo chomuthandiza kupuma ankafunika aphunzire kugwira chiwongolero! Mayi akewo anakana kugonja mpaka satifiketi inatuluka. Mu 1962 Roberts analowa pa University of California ku Berkeley, ndipo popeza ku hostel kunalibe chipinda chokwana chimakina chija, anamupatsa malo m'chipatala cha pa yunivesitepo, Cowell. Patapita zaka, bwanamkubwa Jerry Brown anamusankha kukhala mkulu wa nthambi ya boma yothandiza anthu aulumali kupeza ntchito, nthambi yomwe ija imene inamuuzapo kuti ndi wolumala kwambiri moti sangagwire ntchito.

Kodi mumadziwa kuti lamulo limene pepalali latsamira linagona m'kabati zaka pafupifupi zinayi? Gawo 504 la Rehabilitation Act ya 1973 linaletsa malo aliwonse olandira ndalama za boma kusala munthu chifukwa cha ulumali, koma ndondomeko zoti liyambe kugwira ntchito zinkangozengerezedwa. Pa 5 April 1977 anthu aulumali oposa 100, motsogozedwa ndi Judy Heumann ndi Kitty Cone, anayamba m'bindikiro m'maofesi a boma ku San Francisco. Anagona pansi pafupifupi milungu inayi, a gulu la Black Panther akuwabweretsera chakudya. Pa 28 April nduna Joseph Califano inasaina ndondomeko zija.

Lamulo lalikulu loteteza anthu aulumali la ADA linabwera mu 1990, koma ndi mu 2008 pamene anawonjezamo mfundo yomveka bwino yoti matenda obwera n'kupita nawonso ndi ulumali, ngati amamulepheretsa munthu zinthu zikuluzikulu pa nthawi imene amugwira.

Kodi mumadziwa kuti pepalali lili ndi malire, ndipo malirewo anaikidwa pa mlandu wa mayi wina wofuna unamwino? Frances Davis anali ndi vuto lalikulu la kumva, ndipo koleji ya Southeastern ku North Carolina inakana kumutenga. Mu 1979 Khoti Lalikulu Kwambiri la ku America linagamula mokomera kolejiyo, ponena kuti lamulo silikakamiza sukulu kusintha phata lenileni la maphunziro ake. Mpaka lero, wophunzira unamwino sangapemphe kuti maola a mu wodi amuchotsere onse, ndipo wa sayansi sangasakanize mankhwala a mu labu ali pa bedi. Angamusinthire tsiku, koma osati kumuchotsera ntchitoyo.

Apa ndi pamene nkhani ikukoma. Kodi mumadziwa kuti mphunzitsi sangangoti "kalasi yanga sajomba" n'kuthera pomwepo? Ofesi ya boma yoona za ufulu wa anthu m'sukulu, OCR, pounika dandaulo la pa koleji ya Cabrillo mu 1996, inandandalika mafunso amene mayunivesite ambiri akugwiritsabe ntchito. Kodi m'kalasimo ophunzira amakambirana, kapena amangomvetsera? Kodi zimene wophunzira amayankhula zili mbali yaikulu ya kuphunzirako? Akajomba, anzake amataya chiyani? Malikisi omaliza amawerengedwa bwanji? Nanga chikalata chofotokoza phunzirolo chimati chiyani? Kalasi ya chinenero, kwaya kapena sewero imayankha mafunsowa mosavuta, chifukwa wina akasowa mnzake alibe woyankhula naye. Koma bwana amene amawerenga manotsi omwewo chaka ndi chaka, pamaso pa ophunzira 300 ali duu, thukuta limamutuluka. Ine ndimaona kuti mafunsowa amayesa mphunzitsi kuposa wophunzira, ndipo mwina n'chifukwa chake ena sawakonda.

Kodi mumadziwa kuti mkulu wina wa yunivesite anachita kupeka wophunzira pofuna kunyoza thandizo lotere? Mu 1995 Jon Westling wa pa Boston University anakamba pagulu za mtsikana wina, Samantha, amene akuti anamubweretsera kalata yonena kuti akhoza kumagona m'kalasi, ndipo mphunzitsi azimubwerezera zimene zamudutsa ali m'tulo. Nkhaniyi inafala. Ophunzira aulumali atasumira yunivesiteyo, Westling anavomera kuti Samantha kunalibe. Jaji Patti Saris mu 1997 anapeza kuti malamulo ena amene yunivesiteyo inaika anali atsankho, ndipo anailamula kuti ikhale pansi n'kuunika mwachilungamo ngati phunziro la chinenero chakunja lingalowedwe m'malo ndi lina. Komiti inakhala pansi, inati silingalowedwe m'malo, ndipo mu 1998 jajiyo anavomereza. Khoti silinkafuna kuti yankho likhale "inde" nthawi zonse. Linkafuna umboni woti anthu anaganizadi asananene "ayi".

Nanga papepalapo pamalembedwa chiyani? Zinthu wamba zedi: masiku owonjezera ndi angati, wophunzira adziwitse mphunzitsi kudzera pa imelo kapena njira ina pasanathe maola angati, mayeso ophonya alembe liti, asayimenti ichedwe mpaka liti. Dzina la matenda sililembedwapo. Mphunzitsi sayenera kufunsa kuti "ukudwala chiyani", ndipo m'mayunivesite ambiri safunanso kalata ya dokotala tsiku lililonse limene munthu wajomba, poti wa khunyu sathamangira kuchipatala nthawi zonse akagwa. Maliro, ukwati kapena chimfine wamba sizilowa m'gululi.

Kodi mumadziwa kuti ku Britain munthu amene wapezeka ndi khansa, HIV kapena multiple sclerosis amatetezedwa ndi Equality Act ya 2010 kuyambira tsiku limene wapezeka nawo, ngakhale akuoneka wathanzi? Lamulo lomwelo limafuna kuti yunivesite izikonzekeratu, osadikira kuti wina adandaule kaye. Mu February 2024 High Court inatsimikiza chigamulo chakuti University of Bristol inalakwira wophunzira wa physics amene anali ndi mantha aakulu oyankhula pagulu, yemwe anadzipha mu 2018 pa tsiku limene ankayenera kuima kutsogolo kwa anzake. Khoti linaona kuti yunivesite sinkafunika kudikira mapepala a dokotala pamene antchito ake ankaona okha kuti mwana wa eni akuvutika.

Mu March 2020 Covid-19 itavuta, mayunivesite ambiri anasamutsira makalasi pa intaneti m'milungu yochepa chabe. Kujambula phunziro kuti munthu aonere ali kunyumba, kumene ophunzira aulumali ankauzidwa kwa zaka kuti n'kosatheka, kunatheka mwadzidzidzi kutavuta aliyense.

Kodi mumadziwa kuti pangano la United Nations la mu 2006 lokhudza ufulu wa anthu aulumali limati kukana kumusinthira munthu zinthu moyenera ndi tsankho kale? Gawo 24 limatchula maphunziro a ukachenjede mwachindunji. Malawi inavomereza panganoli mu 2009, Zambia mu 2010.

Kwa amene muli ndi mwana kapena m'bale kusukulu kunja, dziwani kuti viza ili ndi malamulo akeake. Ku America wophunzira wa viza ya F-1 angaloledwe kuchepetsa maphunziro chifukwa cha matenda kwa miyezi yosapitirira 12, ndipo chilolezocho chiyenera kutengedwa asanachepetse. Ku Britain yunivesite imakakamizidwa kutsatira ngati wophunzira wakunja akuchita nawo maphunziro, choncho kujomba mwakachetechete kungabweretse kalata yoopsa.

Ndipo pepala lija nthawi zambiri silibwerera m'mbuyo. Likatuluka mu mlungu wachisanu ndi chitatu wa semesita, masiku onse amene munthu anajomba lisanatuluke amawerengedwa monga a wina aliyense, pokhapokha mphunzitsi atachita chifundo payekha.