Essure: kachipangizo kotseka amayi kamene kanasiya misozi

Nkhani ya kulera ikabuka m'makalabu athu, sipalephera wina wofunsa kuti, "Kodi njira ya pamkono ija siitseketsa munthu mpaka kalekale?" Yankho lake ndi lakuti ayi. Komabe kunja kuno kunalidi kachipangizo kena kolowetsa m'thupi kamene ntchito yake inali kutseka mayi kuti asadzaberekenso. Dzina lake ndi Essure, ndipo nkhani yake inachitikira makamaka ku America ndi ku Ulaya.

Essure kanali kawaya kopotana ngati sipuling'i, kotalika pafupifupi masentimita 4, kopangidwa ndi zitsulo monga nickel ndi titanium komanso tiulusi ta pulasitiki. Dokotala ankakalowetsa kudzera m'njira ya abambo mpaka m'chiberekero, ndi kuika kamodzi m'chubu chilichonse mwa machubu awiri amene dzira la mayi limadutsamo. M'miyezi itatu thupi linkameretsa mnofu wa chipsera kuzungulira kawayako, njira ya dzira ndi kutsekeka. Panalibe kung'amba pamimba, panalibe kugonekedwa m'chipatala. Ndani akanakana?

Bungwe la FDA, limene limavomereza mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, linaloleza Essure m'chaka cha 2002. Inkapanga ndi kampani ya Conceptus, imene inagulidwa ndi kampani ya Bayer ya ku Germany mu 2013. Amayi ambiri anaikidwa tiwayati ndipo sanaone vuto lililonse, ichi tisabise. Koma ena zikwizikwi anayamba kudandaula za ululu wa m'chinena wosatha, kutaya magazi ambiri posamba, kutopa ndi ziwengo za pakhungu. Mwa ena kawayako kanaboola chubu kapena chiberekero, mwa ena kanachoka pamalo pake ndi kukapezeka m'mimba. Analiponso amene anaima ngakhale anali atatsekedwa.

Chopweteka kwambiri chinali pofuna kuchotsa. Kawayako kanapangidwa kuti kalumikizane ndi mnofu, choncho kukasolola monga mmene kanalowera sikunali kotheka. Pankafunika opaleshoni yochotsa machubu, ndipo amayi ambiri anachotsedwa chiberekero chonse. Mayi amene anasankha Essure pothawa mpeni anakathera ku mpeni waukulu kuposa umene ankauopa.

Amayiwa anapezana pa Facebook, nayamba kuuzana zimene zinkawachitikira ndi kukadandaula ku boma. Mu 2016 bungwe la FDA linalamula kuti pa Essure palembedwe chenjezo lalikulu koposa. Mu 2017 Bayer inasiya kugulitsa kachipangizoka m'maiko ena onse, ndipo ku America inasiya kumapeto kwa 2018. Kampaniyi inati yasiya chifukwa malonda sankayenda, osati chifukwa cha kuopsa kwake. Mu 2020 inavomera kulipira pafupifupi madola 1.6 biliyoni pa ambiri mwa madandaulo pafupifupi 39,000, popanda kuvomera mlandu. Ndalama zimenezo n'zambiri ndithu, koma chiberekero sichigulidwa pamsika.

Achinyamata anzathu, tisasokoneze Essure ndi njira ya pamkono imene timaiona m'zipatala zathu kuno ku Malawi. Jadelle ndi timapulasitiki tiwiri togwira ntchito zaka 5, Implanon ndi kamodzi ka zaka 3. Timeneti timaikidwa kunsi kwa khungu, ndipo tikachotsedwa mayi amatha kutenga pakati posakhalitsa. Nato tili ndi zovuta zake, makamaka kusintha kwa kasambidwe, koma wachipatala amatha kutichotsa tsiku limene mwini wake wafuna.

Njira zosabwerera zimene zilipo kwathu kuno ndi kutseka kwa amayi ndi kutseka kwa abambo. Ndi njira zabwino kwa munthu amene watsimikiza kuti ana amukwanira. Kwa ife achinyamata mpofunika kudekha, chifukwa ofufuza a ku America anapeza kuti amayi amene anatsekedwa akadali ndi zaka 30 kapena kucheperapo ndiwo amadandaula kwambiri pambuyo pake. Banja limatha, mwana amamwalira, maganizo amasintha. Tisanasaine kalikonse tifunse kuti: kodi njirayi ikandivuta ichotsedwa bwanji, nanga adzandichotse ndani?

Kukhala ndi kachirombo ka HIV si chifukwa choti wina atikakamize kutseka. Ku Namibia khoti lalikulu linagamula mu 2014 kuti amayi atatu amene ali ndi kachiromboka anatsekedwa m'zipatala za boma asanavomereze moyenera, ndipo kutero kunali kulakwira malamulo. Mayi amene akumwa ma ARV mwandondomeko atha kubereka mwana wopanda kachirombo.

Tikumbukirenso kuti kutseka, njira ya pamkono, jakisoni ndi mapiritsi zonsezi siziteteza ku HIV kapena ku matenda ena opatsirana pogonana. Pamenepo mpofunika kondomu. Kwa anzathu amene ali pa mankhwala, dziwani kuti efavirenz ndi mankhwala a TB otchedwa rifampicin amachepetsa mphamvu ya njira ya pamkono, pamene dolutegravir, amene ambiri anayamba kulandira kuno kuchokera mu 2019, sasokoneza njirayi. Popita kolera tengani buku lanu la kuchipatala ndi kuwaonetsa anamwino mankhwala onse amene mukumwa.