Ku Joni amaopanso mwana wonenepa

Kwathu ku Makhuwira mwana akakwera makilo kusikelo, mayi ake amabwerera kunyumba monyadira. Kuno ku Joni namwino amatha kukwinya nkhope chifukwa cha makilo omwewo. Kafukufuku wa 2016 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu mu South Africa, 13 ndi onenepa mopitirira muyezo ndipo 27 ndi opinimbira. Musaganize kuti onenepawo ndi ana a mabwana okha.

Imani pageti ya sukulu ya m'lokeshoni nthawi yoweruka. Mwana amagula kota: chigawo cha buledi chokumbidwa m'kati, modzaza tchipisi ndi poloni, mafuta akudontha m'pepala, dzanja linalo botolo la chakumwa chotsekemera. Chakudya chokhutitsa pa ndalama yochepa ndi chimenecho. Mayi wofika usiku kuchokera kuntchito sangachitsutse.

Polimbana ndi vutoli, boma limayambira pamphika wa kusukulu. Ndondomeko yodyetsa ana inayamba mu 1994 nthawi ya Nelson Mandela, ndipo lero imafikira ana oposa 9 miliyoni m'sukulu za m'madera osauka. Si phala lokha ngati la Mary's Meals. Lero chimanga chokonola ndi nyemba, mawa mpunga ndi nsomba za m'chitini, pambali pake masamba kapena chipatso. Ophika ndi makolo a pomwepo, amene amalandira kangachepe pamwezi. Koma mwana yemweyo akangotuluka, wogulitsa kota akumudikira.

Kenako pali msonkho wa shuga, womwe unayamba mu April 2018. Magalamu 4 oyamba a shuga m'mamililita 100 a chakumwa salipiritsidwa. Galamu iliyonse yoposera apo imalipiritsidwa masenti awiri ndi pang'ono. Makampani angapo anachepetsa shuga m'zakumwa zawo kuti azembe msonkhowo, pomwe alimi a nzimbe ku KwaZulu-Natal anadandaula kuti msika wawo wagwa. Inu amene abale anu amadula nzimbe ku Nchalo mumvetsa mbali zonse ziwiri.

Za masewera olimbitsa thupi ndiye zimandikayikitsa. Loweruka lililonse m'mawa anthu amathamanga makilomita 5 kwaulere m'mapaki, pa dongosolo la parkrun lomwe Bruce Fordyce anayambitsa m'dziko lino ku Delta Park mu 2011. N'zokoma kuona, agogo ndi zidzukulu ali wefuwefu limodzi. Koma umalembetsa pa intaneti, ndipo mwana wosakwana zaka 11 sathamanga popanda wamkulu pambali pake. Amalawi ambiri Loweruka timakhala tili kuntchito. Mwana wa ku Makhuwira amapita kusukulu wapansi, akaweruka n'kukaingitsa mbalame kumunda wa mpunga ku Nkhate. Wathu kuno timamutsekera m'kachipinda ka lendi ndi foni m'manja, poopa magalimoto ndi zigawenga.