Kool Herc, Mnyamata wa ku Kingston Amene Anatalikitsa Ng'oma

Pa 11 Ogasiti 1973, Cindy Campbell wa ku Bronx, mumzinda wa New York, anakonza phwando panyumba ya 1520 Sedgwick Avenue kuti apeze ndalama zogulira zovala za kusukulu. Atsikana ankalowa ndi masenti 25, anyamata 50. Woika malekodi anali mlongo wake Clive, wobadwira ku Kingston, Jamaica, mu 1955. Anzake ankamutcha Hercules chifukwa cha dzithupi lake, ndipo dzina la Kool Herc linachokera pamenepo.

Iye anaona kuti gule amakolera nyimbo ikafika pamene woimba wakhala chete, kwatsala ng'oma zokhazokha. Tsoka lake, kachigawoka kankatha msanga. Ndiye anayamba kuika malekodi awiri ofanana: kakamathera pa loyamba, ankakayambitsa pa linalo. Ng'oma zinkangopitirira, ovina thukuta lili kamukamu, kwinaku mnzake Coke La Rock akuitana anthu maina pa maikolofoni.

Herc atabayidwa ndi mpeni mu 1977, mbiri yake inayamba kuzilala, ndipo phindu la hip-hop, nyimbo zimene zinachokera ku luso lakeli, anadya ndi ena. Ine ndimaona kuti ulemu umene bungwe la Rock and Roll Hall of Fame linamupatsa mu 2023 unachedwa kwambiri.