Mwasiya nsima ndipo mutu ukuwawa? Zinthu 10 zimene a ku Kasungu ayenera kudziwa

Pa boma la Kasungu, ku Santhe, ku Mtunthama mpaka ku Nkhamenya, si zachilendonso kumva mphunzitsi, kalaliki kapena mayi wageni akuti, "Ine nsima ndasiya, thupili landikwana." Nzeruyi ikuyenda m'mafoni, ina ikubwera ndi abale ochokera ku Joni. Ena amati keto, ena Banting, koma lamulo lake ndi limodzi: nsima, mpunga, buledi, mbatata ndi shuga zilekeni, muzidya ndiwo ndi zamafuta. Tsiku lachiwiri kapena lachitatu mutu umayamba kuwawa, kenako chizungulire, nseru, kufooka ndi kukokana kwa miyendo usiku. Azungu amati keto flu, ndipo kwa munthu wokhala mu ofesi ku London n'zongopirira sabata imodzi. Kuno kwa alimi a fodya zizindikiro zomwezi zimabweranso ndi matenda ena amene sadikira munthu, ndipo n'chimene chandilembetsa.

1. Palibe kachilombo, ndi ubongo umene wasowa chakudya chake.
Ubongo wa munthu wamkulu umadya shuga pafupifupi magalamu 120 patsiku, ndipo kwathu kuno wambiri mwa shuga ameneyu amachokera ku nsima. Keto imalola sitalichi ndi shuga wosaposa magalamu 50 patsiku, ena amatsika mpaka 20. Tsono ufa woyera wa magalamu 100, wosadzaza n'komwe kapu ya tiyi, uli ndi sitalichi pafupifupi magalamu 75. Amene anazolowera mitanda iwiri masana ndi iwiri usiku, akangosiya lero lomwe, thupi limadzidzimuka. Chiwindi chimayamba kuphwanya mafuta n'kupanga maketoni kuti ubongo uzidya, koma ubongowo umatenga masiku kuti uzolowere. Ambiri amapeza bwino pakatha sabata, ena zimawatengera milungu itatu kapena inayi. Fungo lachilendo la m'kamwa limachokera ku acetone, mtundu wina wa maketoni umene umatuluka ndi mpweya. N'chifukwa chake silitha ngakhale mutsuke mano katatu.

2. Makilogalamu oyamba kuchoka pa sikelo ndi madzi.
Thupi lili ndi nkhokwe yake ya shuga m'chiwindi ndi m'minofu, pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo galamu iliyonse imasungidwa pamodzi ndi madzi okwana magalamu 3. Nkhokweyi ikamatha, madziwo amatuluka m'mkodzo. Sikelo imatsika ndi kilogalamu imodzi kapena makilogalamu awiri m'sabata yoyamba, pamene mafuta a pamimba akadali pomwepo. Mukadya nsima pa chinkhoswe Loweruka, Lolemba sikelo yakweranso. Musadziimbe mlandu, ndi madzi aja abwerera.

3. Chimene chikukuzunguzani kwambiri ndi mchere.
Sitalichi akachepa, insulin imatsika, ndipo impso zimayamba kutaya mchere wambiri kuposa masiku onse. Mchere ukapita madzi amautsatira, BP imatsika, ndipo munthu akadzuka pampando amaona chidima. Tsopano ganizirani Okutobala ndi Novembala, dzuwa lili liswamtengo, munthu ali kudambo ndi keni kuthirira nazale ya fodya m'mawa ndi madzulo. Ameneyo mchere ukumuthera pawiri, m'mkodzo ndi m'thukuta. Madzi akumwa pafupipafupi, msuzi wa nkhuku kapena wa mafupa wothira mchere, ndiponso masamba, zimathandiza msanga. Ngakhale ORS amathandiza: paketi ya lita imodzi ya muyezo wa WHO ili ndi mchere magalamu 2.6 ndi shuga magalamu 13.5, ndipo shuga wochepa choterowo si woti mumuope.

Koma apa pali msampha. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. WHO imati mchere usapose magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi. Amene sanayezetsepo BP asathamangire kuwonjezera mchere chifukwa choti waona pa foni. Ayambe wapita kukayezetsa.

4. Fodya wamuwisi amadwalitsa chimodzimodzi.
Vuto ili ndilo la ku Kasungu lenileni, ndipo mabuku a keto salitchula chifukwa olemba ake sanathyolepo fodya. Tsamba lamuwisi likanyowa ndi mame, mvula kapena thukuta, chikonga chake chimasungunuka n'kulowa m'thupi kudzera pakhungu. Wothyola fodya m'mamawa, akukumbatira masamba kukhwapa malaya ali chinyowere, amatha kuyamba kumva mutu, chizungulire, nseru, kusanza ndi kufooka patangopita maola ochepa. Madokotala amati green tobacco sickness. Lipoti la Plan International la mu 2009 linanena kuti ana ogwira ntchito m'minda ya fodya m'Malawi amatha kuyamwa chikonga chofika mamiligalamu 54 patsiku, chofanana ndi kusuta ndudu 50.

Mlimi amene wasiya nsima mu Febuluwale, nthawi yothyola ndi kusoka fodya, angaganize kuti ndi dayeti ikugwira ntchito, n'kumapirira, pamene ndi chikonga chikumulowa tsiku ndi tsiku. Kusiyanitsa kwake si kovuta kwambiri. Vuto la fodya limabwera tsiku lomwe mwagwira masamba onyowa, nthawi zambiri ndi kusanza, ndipo limatha pakapita tsiku limodzi mpaka atatu mukatalikirana ndi munda. Kudikira kuti mame aume, kuvala magolovesi ndi chovala chosalowa madzi, kusintha malaya onyowa ndi kusamba ndi sopo mukaweruka, zimachepetsa vutoli. Zikakumana ziwirizi m'thupi limodzi, munthu amene madzi amuthera kale ndi keto akayambanso kusanza, amafooka mofulumira kwambiri. Ine ndinganene mosapsatira: nyengo yothyola fodya si nyengo yoyamba dayeti iliyonse.

5. Kutentha thupi si kwa keto.
Mutu, kuphwanya m'thupi, kusafuna kudya ndi nseru ndi mmenenso malungo amayambira, ndipo amachuluka miyezi yomweyo ya mvula, Januwale mpaka Epulo. Kusiya nsima sikutenthetsa thupi, sikunjenjemeretsa munthu ndi mphepo. Zikatero pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Kuyeza magazi a pachala ndi kwaulere m'zipatala za boma ndipo zotsatira zimatuluka pasanathe theka la ola. Malungo aakulu amatsitsa shuga m'magazi, ndipo amene shuga wosungidwa m'chiwindi mwake watha kale amakhala pangozi yoposa anzake.

6. Mankhwala amene mumamwa tsiku ndi tsiku angakugwetseni.
Odwala shuga ndi amene amakopeka kwambiri ndi nkhani yosiya nsima, ndipo n'zoona kuti kuchepetsa sitalichi kumatsitsa shuga. Vuto n'lakuti mankhwala anaperekedwa poganizira kuti munthuyo akudya monga kale. Wobaya insulin kapena womwa glibenclamide akasiya nsima mlingo wa mankhwala uli womwewo, shuga amatha kutsika mpaka kukomoka. Kunjenjemera, thukuta lozizira, kuyankhula zosamveka, zimenezo si zoti "thupi likuzolowera". Mpatseni madzi a shuga msangamsanga ngati akutha kumeza, ndipo muthamange naye kuchipatala. Omwa hydrochlorothiazide, mankhwala a BP okodzetsa aja, nawonso asamale, chifukwa mankhwalawo amatayitsa mchere womwe uja keto ikutayitsa kale.

Palinso anzathu amene ali pa ma ARV. Kuyambira mu 2019 Malawi inasamutsira ambiri ku mankhwala okhala ndi dolutegravir, ndipo kafukufuku wa ADVANCE amene anachitikira ku Johannesburg anaonetsa kuti ena, makamaka amayi, amanenepa akamamwa mankhwalawa. Kunenepako kukakudetsani nkhawa, kakambiraneni ndi a kuchipatala. Mankhwala asadukizidwe ngakhale tsiku limodzi chifukwa cha sikelo.

7. Thupi silisiyanitsa dayeti ndi njala.
Maketoni amene anthu a keto amanyadira ndi omwewo amene thupi limapanga munthu akagona ndi njala masiku angapo. A ku Kasungu sakufunika buku kuti amvetse zimenezi. Boma lino ndi limodzi mwa maboma amene anasautsika koposa ndi njala ya 2001 mpaka 2002, imene inachititsa Pulezidenti Bakili Muluzi kulengeza mu Febuluwale 2002 kuti dziko lili pa ngozi. Anthu anadya gaga ndi mizu ya nthochi, ndipo William Kamkwamba wa kwa Wimbe anafotokozera dziko lonse za masiku amenewo. Chizungulire chimene agogo anu amakumbukira cha chaka chimenecho n'chomwechi. Choncho akakufunsani kuti, "Mwana wanga, nsima yakulakwira chiyani?" musawayankhe mwachipongwe. Ndipo tenanti amene amadalira chimanga chopatsidwa ndi mwini esiteti, amene amagwira khasu kuyambira tambala woyamba, dayeti iyi si yake. Ntchito yolemetsa imadya shuga wa m'minofu, ndipo m'milungu yoyamba ya keto mphamvu zogwirira ntchito yotero zimatsika.

8. Kadyedwe kameneka kanayamba ngati mankhwala a khunyu.
Mu 1921 dokotala Russell Wilder wa ku Mayo Clinic ku America anakonza kadyedwe kamafuta ambiri ndi sitalichi wochepa, pofuna kuti thupi lizichita ngati likusala kudya, chifukwa zinkadziwika kuti kusala kumachepetsa kugwa khunyu. Mpaka lero madokotala amakagwiritsa ntchito pa ana amene mankhwala akuwakanika, moyang'aniridwa ndi chipatala. Dzina loti Banting ndi la William Banting wa ku London, amene ntchito yake inali yokonza maliro. Iye anasindikiza kabuku mu 1863 kofotokoza mmene anatayira makilogalamu oposa 20 pafupifupi m'chaka chimodzi. Chodabwitsa n'chakuti mwini dzinayo sanasiyiretu sitalichi: ankadyabe kachidutswa ka buledi wootcha ndi zipatso. Ku South Africa dzinali linatchuka ndi Pulofesa Tim Noakes wa ku Cape Town ndi buku la mu 2013 lotchedwa The Real Meal Revolution, ndipo ndi kumene abale athu a ku Joni analitola.

9. Ambiri amene "asiya nsima" sanasiye chimanga.
Thobwa, maheu, masese ndi Chibuku zonse ndi chimanga cha m'kapu. Mbatata, chinangwa, kachewere, nthochi, mandasi ndi zitumbuwa ndi sitalichi yemweyo, ndipo mgaiwa uli ndi sitalichi wosasiyana kwambiri ndi ufa woyera, ngakhale uli wabwinopo chifukwa gaga wake amakhutitsa nthawi yaitali ndi kufewetsa m'mimba. Munthu wotero amakhala pakati: lero wasala, mawa wamwa thobwa, mkuja wasalanso, ndipo mutu uja umangobwerezabwereza osatha. Kachasu alibe sitalichi, koma ndiye woopsa kuposa zonsezi, chifukwa mowa umaletsa chiwindi kupanga shuga. Kumwa kachasu m'mimba mulibe nsima, monga zimachitikira mabelo akagulidwa ku Chinkhoma, kungakomole munthu anzake n'kumati wangoledzera.

Chosangalatsa n'chakuti zakudya zopanda sitalichi wambiri Kasungu ali nazo, sizifunika supamaketi: nkhwani wotendera, chisoso, bonongwe, therere, mpiru, mapeyala, mazira, usipa, matemba, ngumbi, mbewa, matondo ndi mphalabungu, soya ndi mtedza umene timalima tokha. Masamba ndi amene amathetsa kudzimbidwa kumene ambiri amadandaula m'sabata yoyamba. Mtedza wokha muzisankha bwino, wachuku ndi wofota muzitaya, chifukwa poizoni wa chuku amawononga chiwindi, ndipo amene wasandutsa mtedza chakudya cha tsiku lonse amamudya wambiri.

10. Pakatha chaka kusiyana kwake n'kochepa, ndipo mphika wa pakhomo ndi umodzi.
Mu 2018 akatswiri a ku Stanford University, motsogozedwa ndi Christopher Gardner, anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 609 amene anawatsatira miyezi 12. Ochepetsa sitalichi anataya makilogalamu 6.0, ochepetsa mafuta 5.3, kusiyana kumene akatswiriwo anati si kwenikweni. Magulu onse awiri anauzidwa kudya masamba ambiri ndi kuchepetsa shuga ndi ufa woyeretsedwa. Kwa ine tanthauzo lake n'lakuti palibe chifukwa chodzizunzira. Mitanda itatu ikhale iwiri, pakatha milungu iwiri ukhale umodzi, ndiwo zichuluke, tiyi achepe shuga, Sobo ndi zozizira zikhale za apo ndi apo. Kutsika pang'onopang'ono chonchi kumapewetsa mutu ndi chizungulire chija kwa anthu ambiri, ndiponso anansi sayamba kunong'onezana za kaliwondewonde.

Nkhawa yanga yaikulu ili pa ana. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse ndi onenepa mopitirira muyezo, pamene ana 37 mwa 100 osakwana zaka 5 ndi opinimbira. Nthawi zina awiriwa amadya mphika umodzi. Mayi akaleka kuphika phala ndi nsima chifukwa cha thupi lake, wopwetekeka ndi mwana amene akufunika magulu onse 6 a zakudya. Ngakhale Noakes uja anazengedwa mlandu ndi bungwe loyang'anira azaumoyo ku South Africa chifukwa cha malangizo amene anapereka pa Twitter mu 2014 okhudza chakudya cha mwana woleka kuyamwa. Anamupeza wosalakwa mu 2017, koma kutalika kwa mlanduwo kukusonyeza mmene madokotala amaopera kadyedwe kameneka pa makanda. Mayi woyembekezera asayambe keto, ndipo woyamwitsa asamale koposa: mkaka umatenga shuga wambiri m'thupi mwake, ndipo alipo amayi oyamwitsa m'mayiko ena amene anagonekedwa m'chipatala magazi atasanduka a asidi chifukwa cha maketoni ochuluka. Woyamwitsa amene wachepetsa nsima, akayamba kusanza, kupuma mofulumira kapena kufooka kwambiri, apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo akawauze madokotala zimene wakhala akudya.