Mwazi wa Mwini Chilonda

Aliyense amene anazulitsapo dzino akukumbukira kuti sing'anga wa mano atatha ntchito yake, anamulumitsa thonje namulangiza kuti asachukuche m'kamwa tsiku limenelo, ngakhale magazi amunyanse chotani. Ndipo ambiri, poyesa langizolo chinthu chachabe, salisunga. Komatu magazi amene amaundana m'dzenje momwe munali dzino ndiwo denga la fupa la nsagwada, kotero kuti akachoka nthawi isanakwane, fupa limatsala pamtunda, ndipo patapita masiku awiri kapena atatu pamabuka ululu woposa wa dzino lozulidwalo.

M'mwazi muli tizigawo tochepetsetsa totchedwa mapulateleti, timene Giulio Bizzozero wa ku Italy anafotokoza ntchito yake mu 1882. M'kadontho kosaposa mutu wa singano timakhalamo pakati pa 150,000 ndi 450,000, ndipo kalikonse kamakhala moyo masiku osapitirira khumi. Pakachitika bala timathamangira pomwepo, n'kumamatirana mu ulusi wotchedwa fibrin kuti magazi aleke kutuluka. Koma sitilekera pamenepo, pakuti timatulutsanso timadzi toitana maselo omanga mnofu ndi timitsempha tatsopano, monga mwini dima aitanira anansi kumunda kwake.

Poona ichi, asing'anga anadzifunsa ngati sikungatheke kusonkhanitsa mapulateleti amenewa pamalo amodzi. Mu 1998 Robert Marx ndi anzake a pa yunivesite ya Miami anafalitsa zimene anapeza pothira madzi a magazi odzala ndi mapulateleti pa mafupa owaika m'nsagwada. Njira yawo, yotchedwa PRP, inafuna kuti magazi athiridwe mankhwala oletsa kuundana, kenaka ena owaundanitsanso, amene kawirikawiri ankachokera m'magazi a ng'ombe. Koma mu 2001 Joseph Choukroun wa ku Nice, m'dziko la France, anaonetsa njira yachidule yotchedwa PRF, yosathiramo kanthu kachilendo. Ndipo ine ndiyesa kuti nzeru yake yagona pamenepo, pakuti akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kachitidwe kake nkotere. Sing'anga amatunga magazi pamtsempha wa mkono wa wodwala m'timabotolo ta mamililita khumi, nawaika msangamsanga m'makina owazunguza pafupifupi ka 3,000 pa mphindi imodzi, kwa mphindi khumi kapena khumi ndi ziwiri. Akazengereza pang'ono, magazi amaundana asanapatukane ndipo ntchito yonse yapita pachabe. Makina akaima, taonani, maselo ofiira akhala pansi ngati masese a thobwa, madzi oyezuka ali pamwamba, ndipo pakati patsala chinthu choundana chachikasu chonanda, chimene chakola mapulateleti ochuluka pamodzi ndi maselo oyera olimbana ndi matenda. Chimenecho amachitola ndi kapani, nachifinya kuti chikhale ngati kansalu, nachiika m'dzenjemo, nasokerera usinini pamwamba pake. Ndipo m'menemo chimatulutsa timadzi take pang'onopang'ono kwa sabata imodzi kapena kupitirira.

Popeza mwaziwo ngwa mwini chilonda, thupi siliukana, ndiponso palibe mantha a kutenga nthenda ya munthu wina. Ofufuza ambiri aona kuti pozula mano otsiriza a m'nsagwada ya m'munsi, amene amavuta koposa, ululu ndi kutupa zimachepa, ndipo vuto lija la fupa kutsala pamtunda silichitika kawirikawiri. Za kukula kwa fupa lenilenilo akatswiri akutsutsanabe, ndipo wolonjeza zodabwitsa pamenepa wapambanitsa mawu. Amene mapulateleti ake ndi ochepa sapindula kwenikweni, pakuti makina sangasonkhanitse chimene mulibe.

Inu mukadzazulitsa dzino, kaya adzakuikirani PRF kaya ayi, musadzachukuche m'kamwa tsiku loyamba, musadzagwiregwire pabalapo ndi lilime, ndipo fodya mudzamuleke kufikira usinini utatsekeka.