Nthawi ya UTC ndi wotchi ya kwathu

MVURWI, Zimbabwe — Zilengezo zokhudza ndalama za pa intaneti monga Bitcoin kawirikawiri zimatchula nthawi ya UTC, yomwe ambiri anaizolowera ndi dzina lakuti GMT. Kuno ku Mvurwi, dera la fodya komwe kuli zidzukulu zambiri za Amalawi omwe anadzagwira ntchito m'mafamu, kawerengedwe kake n'kosavuta: pa nthawi ya UTC onjezanipo maola awiri, chaka chonse. N'chimodzimodzi ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ku Tanzania ndi Kenya ndi maola atatu.

Chomwe chimasokoneza anthu ndi tsiku. Mu 2024, pamene malipiro a okumba Bitcoin anadulidwa pakati, kuchoka pa 6.25 kufika pa 3.125, nthawi inali 00:09 UTC pa 20 Epulo. Ku Mvurwi inali 02:09 usiku, koma ku New York kunali kudakali madzulo a pa 19 Epulo. N'chifukwa chake malipoti amatchula masiku awiri, onse olondola. Momwemonso, malonda otsekedwa 23:00 UTC Lachisanu, kwathu amatsekedwa 01:00 Loweruka.

Wotchi ya m'bale wa ku London musaidalire: kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, imatsogola UTC ndi ola limodzi.